Mmene mungayezere mphamvu ya hamstring ya osewera anu ndi sikelo, bokosi ndi foni

Wosewera akamathamangitsa mpira ndi liwiro lake lonse, kenako n'kuima mwadzidzidzi dzanja lili kuseri kwa ntchafu, aliyense pabwalo amadziwa kuti hamstring yakokeka. Vutoli silisankha timu. Linamugwera Usain Bolt pa mpikisano wake womaliza ku London mu 2017, ndipo limagwera anyamata ndi atsikana athu pa mabwalo a fumbi a ku Chawama, Matero ndi Mtendere. Kafukufuku wa UEFA amene Jan Ekstrand wa ku Sweden anatsogolera anapeza kuti mu sizoni ya 2001/02 hamstring inkatenga 12 peresenti ya kuvulala konse m'matimu akuluakulu a ku Ulaya, koma pofika 2021/22 inali itafika pa 24 peresenti. Amenewo ndi matimu okhala ndi madokotala awoawo ndi makina a ndalama zankhaninkhani.

Ife makinawo tilibe. Komabe zambiri zimene kochi afunika kudziwa za miyendo ya ana ake angathe kuzipeza ndi sikelo ya m'nyumba, bokosi lathabwa, tepi ya atelala, foni ndi kope. Chimene ndikufuna mugwire kuyambira pano n'chakuti nambala imodzi payokha sikuuzani kanthu. Phindu lili poyerekeza mwendo wamanja ndi wamanzere, komanso wosewera wa lero ndi yemweyo wa miyezi iwiri yapitayo. Kuyerekezako kumatheka pokhapokha ngati mukuyeza mofanana ulendo uliwonse.

Dziwani kaye chimene mukuyeza

Hamstring si mnofu umodzi, ilipo itatu. Imayambira pa fupa lija la m'thako limene mumalimva mukakhala nthawi yaitali pa thabwa louma, n'kutsika kuseri kwa ntchafu mpaka kudutsa bondo. Wa kunja, biceps femoris, umakathera pa mutu wa fupa laling'ono la kunja kwa mwendo, ndipo uli ndi kagawo kena kakafupi koyambira pa fupa la ntchafu. Iwiri ya mkati, semitendinosus ndi semimembranosus, imakathera pa fupa lalikulu la msongolo. Khalani pampando, pindani bondo, gwirani mu nkhongono: zingwe zolimba zimene mukumva uku ndi uku ndiwo mathero a minofuyi.

Ntchito yake ndi kupinda bondo ndi kukankhira ntchafu kumbuyo. Koma munthu akamathamanga, imagwira ngati mabuleki a minibasi pa mtsetse. Mwendo ukaponyedwa kutsogolo, phazi lisanagunde pansi, hamstring ndiyo imaugwira kuti usapitirire, ndipo imachita zimenezi ili mkati motalika. Pamenepo mpamene imang'ambikira, ndipo nthawi zambiri wong'ambikayo ndi wa kunja uja. N'chifukwa chake sikokwanira kuona kuti wosewera amanyamula zingati pa makina opinda bondo a mu jimu. Tifunika kuona mmene mnofu ukugwirira pamene ukukokedwa.

Zokonzekera

Sankhani tsiku limene papita masiku awiri kapena atatu chichitikireni masewero, chifukwa mawa lake la masewero minofu imakhala isanabwerere m'chimake ndipo manambala amatsika okha. Sankhaninso nthawi imodzi n'kuisunga. Kuyeza m'mawa wozizira wa mu Julayi kenako n'kudzayerekeza ndi masana a mu Okutobala n'kudzinamiza nokha.

Pa sikelo, funani ya muvi, osati ya manambala owala. Ya manambala imadikira kuti kulemera kukhazikike kenako imatseka, pamene mphamvu ya mwendo imakwera n'kutsika. Bokosi likhale lotalika masentimita 60. Akalipentala a ku Kalingalinga angakukhomereni ndi matabwa otsala. Onjezani choko, makoni, mphasa kapena chitenje chopinda cha pa mawondo, ndi foni yotha kujambula vidiyo yoyenda pang'onopang'ono. Ngati yanu siitha, m'timu simulephera kupezeka mmodzi amene ali nayo.

Musanagoneke munthu pansi, mufunseni. Ofufuza ambiri amagwirizana kuti amene anavulalapo kale hamstring, ndi amene zaka zapitako, ndiwo amavulala kawirikawiri kuposa anzawo. Lembani zaka zake, mwendo umene amamenyera mpira, ngati anakokekapo, mwendo uti, liti, ndipo anakhala masabata angati asakusewera. Funsani pambali. Pagulu yankho limakhala limodzi: "Ba kochi, nili che bwino," chifukwa aliyense akuopa benchi. Kenako muyezeni kulemera kwa thupi, mulembe.

Ngati muli ndi timu ya atsikana, pezani mayi kapena wosewera wamkulu kuti ndiye azigwira chiuno ndi ntchafu poyeza, ndipo makolo a ana aang'ono adziwe zimene mukuchita.

Onse atenthetse thupi mphindi 15 mwa njira imodzi yomweyo nthawi zonse, kumalizira ndi kuthamanga katatu kapena kanayi mokweza liwiro pang'onopang'ono. Ndondomeko ya miyeso ikhale iyi: zofuna miyendo yosatopa poyamba, zotopetsa kumapeto.

Choyamba, kutambasuka kwa mnofu

Apa sitikhalitsapo. Wosewera agone chagada, akweze ntchafu imodzi iime chilili, aigwire ndi manja, kenako awongole bondo mpaka pamene amva kukoka. Ikani foni pa msongolo mutatsegula pulogalamu yoyeza kupendekeka, mulembe madigiri. Teroninso mwendo winawo. Makochi ambiri amakhulupirira kuti amene sagwira zala za kuphazi ndiye adzavulale, koma umboni wa zimenezi ndi wofooka. Nambalayi idzakuthandizani kwambiri tsiku limene wosewerayo adzavulale, chifukwa mudzadziwa pamene ankafika ali bwino.

Chachiwiri, kudumpha ndi liwiro

Kudumpha kumaonetsa mphamvu ya mwendo wonse, makamaka matako ndi minofu ya kutsogolo kwa ntchafu, ndiye musakutenge ngati muyeso wa hamstring. Koma kumakuuzani msanga ngati miyendo yatopa kapena ngati umodzi ukutsalira.

Wosewera aime pa simenti, manja m'chiuno, anjute pang'ono n'kudumpha m'mwamba, n'kutera miyendo ili yowongoka ngati mmene ananyamukira. Foni ikhale pansi, ikuyang'ana mapazi. Mukatero werengani nthawi kuyambira pamene zala zasiya pansi mpaka pamene zagundanso. Pa vidiyo ya zithunzi 240 pa sekondi, zithunzi 120 ndi theka la sekondi. Chulukitsani nthawiyo ndi iyo yomwe, kenako ndi 1.226, mupeza kutalika m'mamita. Sekondi 0.50 ndi masentimita 31, 0.55 ndi 37, ndipo 0.60 ndi 44. Pulogalamu ya pa foni ya My Jump, imene anapanga Carlos Balsalobre-Fernández wa ku Spain, imachita masamu omwewa. Chenjerani ndi ochenjera amene amapinda mawondo ali m'mwamba kuti achedwe kutera. Kudumpha koteroko musakuwerenge.

Kenako kudumpha ndi mwendo umodzi kupita kutsogolo. Zala kuseri kwa mzere wa choko, adumphe, atere ndi mwendo womwewo, aime masekondi awiri osagwedera. Yezani kufika pa chidendene. Katatu mwendo uliwonse, mutenge yaitali. Mwendo wotsalira ufike pa 90 peresenti ya unzake.

Liwiro ndilo likukhudza hamstring mwachindunji. Ikani makoni poyambira, pa mamita 20 ndi pa mamita 30. Mamita 20 oyambawo ndi otolera liwiro, amene mukuyeza ndi 10 omalizawo. Wotchi ya m'manja pa kamtunda kotere siithandiza. A masewero othamanga kuyambira kale amawonjezera sekondi 0.24 pa nthawi ya m'manja ya mipikisano yaifupi, kusonyeza kuti chala chimachedwa. Imani ndi foni patali ndithu m'mbali, moyang'anizana ndi pakati pa makoni awiri omalizawo, zikani timitengo titalitali pa makoniwo, ndipo werengani zithunzi kuyambira pamene chifuwa chadutsa kamtengo koyamba mpaka kachiwiri. Amene watenga sekondi 1.20 akuthamanga mamita 8.3 pa sekondi, amene ndi makilomita 30 pa ola. Akayamba kudzitama, mukumbutseni kuti Muzala Samukonga, pamene ankatenga mendulo ya bulonzi ku Paris mu 2024 ndi masekondi 43.74, ankathamanga pafupifupi makilomita 33 pa ola mamita 400 onse.

Athamange katatu, akupuma mphindi zitatu pakati. Bwalo likhale lomwelo, nsapato zomwezo, kolowera komweko. Nthawi ya pa njanji yofewa ya pa bwalo la masewero la OYDC simungaiyerekeze ndi ya pa dothi la ku Bauleni, ndipo mphepo ya mu Ogasiti kuno ku Lusaka ingathe kupatsa munthu liwiro limene alibe kapena kumulanda limene ali nalo. Tsiku la mphepo yamphamvu, siyani muyeso umenewu.

Chachitatu, sikelo

Uwu ndi muyeso umene ndimaukonda kwambiri, chifukwa sutopetsa, sutenga mphindi zitatu pa munthu, ndipo mungaubwereze sabata iliyonse. Matimu a ndalama amauchita pa mbale yamagetsi yoyeza mphamvu. Sikelo ya muvi imapereka chithunzi chomwecho, ngakhale mosalongosoka kwambiri.

Wosewera agone chagada, wavula nsapato, manja atapingasa pachifuwa. Ikani sikelo pamwamba pa kireti ya zakumwa kapena chinthu china cholimba, muonjezere matabwa mpaka ntchafu itaima chilili ndipo msongolo wagona mopingasa, chidendene chili pakati pa sikelo. Mwendo winawo ugone pansi. Lembani kaye chimene muvi ukuonetsa mwendo uli chigonere osakankha. Kumeneko ndi kulemera kwa mwendo, ndipo mudzakuchotsa pa nambala yomaliza. Mnzanu aike dzanja pa fupa la m'chiuno kuti matako asanyamuke. Wosewera akankhe chidendene pansi, kuyamba pang'ono kwa masekondi awiri, kenako ndi mphamvu zonse kwa masekondi atatu. Wina ajambule muviwo, chifukwa maso sangaugwire bwino. Mutenge pamene muvi unakhazikika, osati pamene unangodumphira kamodzi. Katatu mwendo uliwonse, kupuma theka la mphindi.

Mukatha, tsitsani sikelo pafupi ndi pansi, wosewera asunthe mpaka bondo litangopindika pang'ono, madigiri 30, mubwereze. Lembani mtunda wochokera pa thako kufika pa sikelo kuti ulendo wina mudzamugoneke pomwepo.

Kanthu kamene ambiri sakalabadira ndi mawu. Munthu amakankha kwambiri akamakuwiridwa. Ngati mwafuula "Kankha! Kankha!" kwa mmodzi, fuulani chimodzimodzi kwa onse ndi pa miyendo yonse. Anzake asaunjikane kumuchemerera, apo ayi mwendo wachiwiri udzaoneka wamphamvu chifukwa cha phokoso chabe.

Amene ali ndi sikelo yokoleka, ngati ija ya ogula chimanga, angathenso kuyeza wosewera atagona chafufumimba: bondo lopindika, msongolo uli chilili, lamba pamwamba pa akakolo, sikelo itamangidwa ku mtengo wa golo kuseri kwa mapazi, iye akukokera chidendene ku thako. Njirayi imagwira, koma minofu imakonda kukokana ikafupika chonchi, ndiye musaichulukitse.

Masamu ake ndi awa. Tinene kuti mwendo wamanja wakankha makilogalamu 28, wamanzere 23. Kusiyana ndi 5. Gawani 5 ndi 28, muchulukitse ndi 100, mupeza 18 peresenti. Kusiyana kosafika 10 peresenti musade nako nkhawa, sikelo yokha ingathe kusokoneza pamenepo. Kukadutsa 15, bwerezani tsiku lina, ndipo kukapezekanso, wosewerayo afunika ntchito yapadera. Matthew Bourne ndi anzake mu 2015 anapeza kuti osewera rugby a ku Australia amene miyendo yawo inkasiyana ndi 15 peresenti kapena kuposa anali pa chiopsezo chovulala kowirikiza 2.4, ngakhale kuti iwo ankayeza ndi chipangizo china. Pofuna kuyerekeza osewera awiri, gawani makilogalamu amene akankha ndi kulemera kwa thupi lawo. Popanda kutero goloboyi wanu wonenepa adzaoneka ngwazi nthawi zonse.

Chachinayi, Nordic

Uwu ndiwo umaonetsa mabuleki aja. Wosewera agwade pa mphasa, mnzake amugwire mwamphamvu pamwamba pa akakolo, thupi liwongoke kuchokera pa bondo mpaka kumutu. Azigwa chakutsogolo pang'onopang'ono, akudzigwira ndi kuseri kwa ntchafu, mpaka atalephera n'kutera pa manja.

Musayeze tsiku loyamba limene aphunzira. Aphunzitseni sabata imodzi m'mbuyo, kawiri kapena katatu basi, chifukwa amene sanachitepo amamva kuwawa masiku angapo ndipo amagwa msanga chifukwa cha mantha, osati kufooka.

Tsiku loyeza, pakani choko kapena matani kapepala pa fupa la m'mbali mwa chiuno ndi m'mbali mwa bondo. Foni iime pa chinthu chosagwedera, mamita atatu m'mbali, yotalika ngati bondo. Ajambulidwe katatu. Pambuyo pake yendetsani vidiyo chithunzi chimodzichimodzi mpaka mupeze pamene thupi lasiya kutsika mofatsa n'kuyamba kugwa. Imitsani pomwepo. Yezani kuti mzere wa bondo ndi chiuno wapendekeka madigiri angati kuchokera pamene unali chilili. Pa kompyuta, pulogalamu yaulere ya Kinovea imayeza kona imeneyi. Ngati kompyuta palibe, kachipangizo koyezera makona ka mu seti ya masamu ya mwana wa sukulu, mukakaika pa galasi la foni, kamagwira ntchito. Madigiri akachuluka, ndiye kuti wosewerayo akutha kudzigwira mnofu uli wotalika.

Pali kuba kuwiri kumene muyenera kukana. Kwina ndi kupinda m'chiuno, matako n'kutsalira kumbuyo. Kwina ndi kukhotetsa msana mimba n'kutsogola. Zonsezi zimapeputsa katundu. Liwiro lotsikira likhalenso limodzi. Muziwerenga mokweza kuti onse atsatire. Ndipo mufunseni wogwira akakolo uja ngati mwendo wina umamukankha kwambiri kuposa unzake. Si nambala, koma manja ake amamva zimene vidiyo siionetsa.

Matimu a kunja amachita muyeso womwewu pa chipangizo chotchedwa NordBord, chopangidwa ndi kampani ya Vald ku Brisbane kuchokera pa ntchito ya Anthony Shield ndi David Opar. Chimagwira akakolo ndi ngowe ziwiri n'kuyeza mphamvu ya mwendo uliwonse. Ndi chipangizo cha mtundu umenewu, Ryan Timmins ndi anzake mu 2016 anatsata osewera mpira 152 a mu ligi yaikulu ya ku Australia, napeza kuti amene ankalephera kufika pa 337 N (N ndi newton, muyeso wa mphamvu) anali pa chiopsezo chowirikiza 4.4. Mphamvu imeneyi ndi pafupifupi makilogalamu 34. Musatenge nambalayi n'kuiika pa muyeso wanu wa sikelo, chifukwa kagonedwe ndi kosiyana ndipo mnofu ukugwira mosiyana. Ngakhale pa chipangizo chenichenicho nambalayi siyenera aliyense. Martin Buchheit ndi anzake anaonetsa chaka chomwecho kuti kilogalamu iliyonse ya thupi imawonjezera pafupifupi 4 N, ndiye mnyamata wa makilogalamu 58 sangayesedwe ndi mlingo wa bambo wa 80.

Chachisanu, kunyamula chiuno pa bokosi

Uwu ukhale womaliza, chifukwa ukatha miyendo imakhala yatheratu. Wosewera agone chagada, chidendene chimodzi pamwamba pa bokosi la masentimita 60 lija, bondo litangopindika madigiri 20, manja pachifuwa. Mwendo winawo aukweze, ntchafu iime chilili ndipo isagwedezeke. Akankhe ndi chidendene, anyamule matako mpaka phewa, chiuno ndi bondo zikhale pa mzere umodzi, atsike n'kungokhudza pansi osapumira, akwerenso. Pa ulendo woyamba ikani dzanja lanu pamene chiuno chafika, kuti azilikhudza ulendo uliwonse. Akalephera kufika kapena akayamba kudziponya ndi mwendo wa m'mwamba, muchenjezeni kamodzi. Akabwereza, muyeso watha. Apume mphindi ziwiri kapena zitatu asanayambe mwendo wina, ndipo lembani umene unayamba kuti mudzatsate zomwezo.

Grant Freckleton ndi anzake anayeza osewera 482 a mpira wa malamulo a ku Australia, wosiyana ndi mpira wathuwu, mwa njira imeneyi, n'kufalitsa zotsatira mu 2014. Mlingo umene anagwiritsa ntchito ndi wosavuta kukumbukira: kukwera maulendo ochepera 20 ndi kufooka, 25 ndi pakatikati, kuposa 30 ndi bwino. Amene pambuyo pake anavulala hamstring ya kumanja anali atapeza manambala otsika pa mwendo umenewo sizoni isanayambe. Ngati nthawi kapena zida zikusowani n'kusankha muyeso umodzi wokha, sankhani uwu.

Nanga kapangidwe ka mnofu?

Tepi ya atelala ndiyo aliyense amathamangira, koma imanena zochepa. Yezani masentimita 15 kuchokera pamwamba pa fupa lozungulira la pa bondo, ikani chizindikiro, zungulizani tepi osafinya, munthu ataimirira momasuka. Nambala imeneyi yaphatikiza mafuta, fupa ndi minofu ya kutsogolo. Ntchafu yaikulu si umboni wa hamstring yamphamvu. Tepi imathandiza pa munthu amene wakhala miyezi asakusewera, kuti muone ngati mwendo wovulala unaphwa ndipo ukubwerera.

Chimene ofufuza amayang'ana chili mkati. Mnofu ndi timitolo ta ulusi togona mopendekeka pakati pa zikopa ziwiri zolimba, ndipo sikani ya ultrasound, yonga ija ya amayi oyembekezera, imationetsa. Woyeza amagoneka munthu chafufumimba, n'kuika chipangizo pakatikati pa fupa la m'thako ndi nkhongono, pa mnofu wa kunja uja. Amayeza kuchindikala kwa mnofu, kupendekeka kwa timitolo, ndi kutalika kwake. Mnofu wochindikala masentimita 2.5 wokhala ndi timitolo topendekeka madigiri 13 umapereka kutalika kwa pafupifupi masentimita 11. Mu kafukufuku wa Timmins uja, amene timitolo tawo tinali tosafika masentimita 10.56 anali pa chiopsezo chowirikiza 4.1. Ganizo lake n'lakuti kamtolo kakafupi kamafika msanga pa malire ake mwendo ukaponyedwa.

Kodi mutenge timu yonse kukajambulitsa? Ine ndikuti ayi. Chipangizocho chimakhala chachifupi kuposa kamtolo, ndiye gawo lina amachita kuwerengetsa, ndipo kungopendeketsa dzanja pang'ono nambala imasintha. Pamafunika munthu amene anazolowera muyeso umenewu, yemweyo ulendo uliwonse. Komanso mankhwala a timitolo tatifupi ndi omwewo a mwendo wofooka: Nordic. Masabata ochepa ochita Nordic mokhulupirika amatalikitsa timitoloti, ndipo munthu akasiya timabwerera mwakale pasanathe mwezi. Ndalama ya sikani isungeni kuti idzathandize amene wavulaladi.

Kuwerenga kope lanu

Tsamba limodzi munthu mmodzi, deti pamwamba pa mzere uliwonse. Yezani zonse sizoni isanayambe, mubwereze pakatha masabata 6 mpaka 8, komanso pobwera ku tchuthi chilichonse. Wa sikelo mungauchite pafupipafupi. Wosewera amene watsika kwambiri poyerekeza ndi nambala yake ya masiku onse patapita masiku awiri chisewerereni, mupepukireni ntchito ya liwiro tsiku limenelo.

Musasandutse kopeli ula. Ku chipatala cha Aspetar ku Qatar, Nicol van Dyk ndi anzake anayeza osewera oposa 600 pa makina okwera mtengo amene amayendetsa bondo pa liwiro lokhazikika, aja amene amayerekeza hamstring ndi minofu ya kutsogolo, ndipo mu 2016 anapeza kuti kusiyana kwa mphamvu pakati pa amene anavulala ndi amene sanavulale kunali kochepa kwambiri moti simungaloze munthu n'kunena kuti uyu ndiye. Wamphamvu amavulala, wofooka amatha sizoni yonse. Choncho musachotse mwana m'timu chifukwa wapeza 17 pa bokosi. Mupatseni ntchito.

Ntchitoyo ipite kwa onse, ofooka angowonjezera. Ku Denmark mu 2011, Jesper Petersen ndi anzake anagawa osewera 942 m'magulu awiri, ndipo gulu lochita Nordic kwa masabata 10 linavulala hamstring mochepa kwambiri. Kuphatikiza kwa kafukufuku wambiri kumene kunatuluka mu 2019 kunaonetsa kuti Nordic imadula kuvulalaku ndi theka. Ndondomeko imene gulu la Petersen linatsata imayamba mofatsa: sabata yoyamba kamodzi, magawo awiri a maulendo 5, yachiwiri kawiri, magawo awiri a 6, yachitatu katatu, magawo atatu a 6 mpaka 8, yachinayi magawo atatu a 8 mpaka 10, kuyambira yachisanu mpaka ya 10, katatu pa sabata, 12, 10 ndi 8. Ikatha, kamodzi pa sabata sizoni yonse. Onjezani kuthamanga ndi liwiro lonse kangapo sabata iliyonse. Mnofu umene umakumana ndi liwiro lotere pa tsiku la masewero lokha ndi umene umadzidzimuka.

Wina akavulala

Musayeze chilichonse pa mwendo umene wangovulala kumene, ndipo masiku oyambirira musalole aliyense kuukanda mwamphamvu. Amene anamva kuthetheka, amene ntchafu yada ndi magazi oundana, amene akulephera kuyenda kapena kukhala pa thako limenelo, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mwana amene akukulabe akamva kupweteka pa fupa la m'thako penipeni afunika X-ray, chifukwa pa msinkhu umenewo mnofu ungathe kuzula kachidutswa ka fupa. Ululu wotsika mpaka kuphazi limodzi ndi dzanzi nthawi zambiri umachokera kumsana, ndipo ndi nkhani ya dokotala kapena a fiziyo.

Pa kukokeka wamba, fufuzani ndi chala pamene pakupweteka kwambiri n'kuyeza ndi tepi kuchokera pa fupa la m'thako. Carl Askling wa ku Sweden anaonetsa kuti ululu ukayandikira fupalo, kuchira kumatenga nthawi yaitali. Iye yemweyo mu 2013 anapeza kuti osewera mpira amene anachira pochita masewero olimbitsa mnofu uli wotalika anabwerera pakatha masiku 28, pamene a njira yakale anatenga 51.

Apa mpamene tsamba lija limagwira ntchito yake yaikulu. Ambiri mwa amene amavulalanso pamalo omwewo amatero mkati mwa miyezi iwiri atabwerera, ndiye mawu a wosewera akuti ululu watha sakwanira. Asanalowe m'bwalo, pasakhale kupweteka mukadina pamalopo. Kutambasuka kufike pa madigiri ake akale. Pa sikelo, mwendo wovulala ukhale mkati mwa 10 peresenti ya unzake ndi ya nambala yake yakale, popanda ululu. Pa bokosi ayandikire pamene ankafika. Mamita 10 aja awathamange pa nthawi yake yakale kangapo, masiku osiyana, osatsimphina mawa lake.

Zonsezi zikatheka, chitani muyeso womaliza wa Askling. Agone chagada, bondo lowongoka, inu mutagwira chiuno ndi mwendo winawo. Yambani ndi mwendo wabwino: auponye m'mwamba mwachangu kwambiri mpaka pamene angathe, katatu. Kenako wovulala uja. Yang'anani nkhope yake ndipo mufunseni ngati anamva mantha kapena kukayika kulikonse. Akazengereza, akadzigwira pakati, kapena akavomera kuti anaopa, muonjezereni masiku angapo a masewero olimbitsa, kenako mudzabwereze muyesowo asanavale jezi.